Mwana asabwerere kusukulu lilime litauma

Masukulu atsekera, ndipo mitengo ya m'mbali mwa msewu wa M1 pa boma la Kasungu yayambanso kuvala mapepala. Lililonse likulonjeza zomwezomwezo: makalasi a patchuthi, masamu, fizikisi, kemisitiri, bayoloje, aphunzitsi odziwa ntchito, mtengo wokambirana. Pa Chinkhoma, pa Nkhamenya ndi pa Santhe ndi chimodzimodzi. Kholo limene fodya wake wayenda bwino kuokushoni silichita kufunsa kawiri, limangopisa m'thumba. Mapepala amenewa ndimawawerenga ndithu, koma loti pano mwana timuphunzitsa kuyankhula ndi kumva chiyankhulo sindinalione.

Amene ndikumumvera chisoni ndi mwana wa Fomu 2 amene walemba JCE ndipo mu Sepitembala akalowa Fomu 3 atasankha Chifalansa. Iyeyu amaweruka msanga kuposa anzake. Akangomaliza pepala lotsiriza la MANEB, basi, wamanga katundu ulendo kumudzi. Kuchokera tsiku limenelo mpaka lotsegulira, khutu lake silimva liwu ndi limodzi lomwe la Chifalansa, pakamwa pake osatulukanso kanthu. Akabwerera, mphunzitsi amathera masabata oyamba akufukula za mu Fomu 1, pamene silabasi ya MSCE ikumudikira. Chingerezi nachonso chimadwala matenda omwewa, ndipo chake n'choopsa kwambiri, poti wolephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona, ngakhale masamu atakhoza bwanji.

Ena amati ndi ulesi wa ana amakono. Ayi. Mu 1996 katswiri wina wa ku America, Harris Cooper, pamodzi ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri wokhudza tchuthi chachitali cha kumeneko. Anapeza kuti mwana amabwerera kusukulu atataya pafupifupi zimene anaphunzira mwezi wathunthu. Pa nkhani ya kuwerenga, ana ochokera m'mabanja osauka ndi amene ankatsika, pamene a m'mabanja opezako bwino ankakhala pomwepo kapena kukwerako pang'ono. Chifukwa chake n'chosachita kufunsa: kunyumba kwina kuli mabuku, kwina kulibe.

Kumeneko ku America, aphunzitsi a chiyankhulo anapeza mankhwala otsika mtengo kwambiri. M'masukulu a sekondale muli phunziro la Chisipanishi chapamwamba lotchedwa AP Spanish Language and Culture, limene mayeso ake amakonzedwa ndi bungwe la College Board. Amalembedwa mu Meyi, malikisi ake amayambira 1 kulekeza 5, ndipo wokhoza bwino mayunivesite ambiri amamudumphitsa makalasi oyambirira. Kwa zaka zambiri mayesowa akhala otere: mwana ayankhe kalata ya pa imelo m'mphindi 15, alembe chimangirizo atawerenga nkhani, kuona tchati ndi kumvetsera mawu ojambulidwa, acheze ndi mawu a pa makina, yankho lililonse masekondi 20, kenaka ayankhule yekha kwa mphindi ziwiri kuyerekeza chikhalidwe cha kwawo ndi cha anthu oyankhula Chisipanishi. Taganizani, masekondi 20. Palibe nthawi yokumbukira tsamba la m'kope. Lilime likakhala louma, nthawi yatha usanatsegule pakamwa.

N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri a phunziroli salola mwana apite ku tchuthi cha Juni mpaka Ogasiti chimanjamanja. Amamupatsa ntchito yooneka yaing'ono: amvetsere nkhani pa wailesi ya Chisipanishi n'kulemba mwachidule zimene wamva, awerenge nkhani zingapo za m'nyuzipepala, abwereze aneni ovuta aja, alembe pang'ono za moyo wake, nthawi zina adzijambule mawu akuyankhula. Tsiku lotsegulira ntchito ija amaiitanitsa. Si sukulu yachiwiri, ndipo kholo silipereka ndalama.

Wina anena kuti Chisipanishi n'chachiyani kuno, poti ngakhale pa mndandanda wa MANEB palibe. Zoona. Chisipanishi chathu chimathera pa mayina a osewera a Real Madrid ndi Barcelona amene anyamata amakanganirana m'mavidiyo sho. Komabe si chiyankhulo chakutali monga timaganizira. Ndi chiyankhulo cha boma m'maiko 20, limodzi mwa iwo ndi Equatorial Guinea muno mu Africa. Mbale wake weniweni ndi Chipwitikizi chimene chatizinga ku Tete ndi ku Niassa. Ndipo mayi wa zonsezi, Chisipanishi, Chipwitikizi ndi Chifalansa, ndi Chilatini, chimene chakhala chikuphunzitsidwa konkuno ku Mtunthama kuyambira pamene Kamuzu anatsegula Kamuzu Academy mu 1981, pamodzi ndi Chigiriki. Ku Kasungu kuno sitinganene kuti nkhani ya ziyankhulo zachilendo ndi yachilendo. Komanso chimene ndikufuna tibwereke kwa aphunzitsi a ku America aja si Chisipanishi chawocho. Ndi kapepala ka ntchito ya patchuthi.

Mlimi wa fodya amvetsa msanga zimene ndikunena. Nazale ikangofesedwa, keni imayenda m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku. Palibe amene amati ndatanganidwa sabata ino, madzi onse ndidzathira Loweruka. Akatero apeza mbande zitapsa, ndipo madzi a Loweruka aja angokokolola zotsalazo. Chiyankhulo chimafuna zomwezo. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa kutalitali maola asanu a tsiku limodzi.

Makalasi a patitaimu ambiri ali ngati madzi a Loweruka aja. Lowani m'modzi mwa iwo muone. Ndi chipinda chobwereka cha pulayimale, mazenera opanda magalasi, mwera ukuwomba. Ana adzaza, ena akhala pansi kope lili pa bondo. Mphunzitsi wadzaza bolodi ndi manotsi kuchokera pamwamba mpaka pansi, wafufuta mbali imodzi, wayambanso. Ana akukopera. Akafika pa Chingerezi ndi malamulo okhaokha: mneni uyu amasintha chonchi, chiganizo ichi chitembenuzeni chonchi. Maola atatu atha, ndipo mwana sanatchule chiganizo ndi chimodzi chomwe cha m'mutu mwake. Aphunzitsiwo sindikuwanyoza. Malipiro awo tonse tikuwadziwa, ndipo patitaimu ndi imene imagula sopo. Pa masamu mwina zimathandiza. Koma chiyankhulo sichilowa pokopera.

Chaka chatha ndinapita kumsika ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana wochenjera amene Chifalansa chake pa lipoti chimakhala pamwamba. Tinaima pa telala wina wochokera ku Congo kuti atisokere yunifolomu. Nditamuuza kuti mwanayu amaphunzira Chifalansa, bamboyo nkhope inawala. Anaika tepi yoyezera pakhosi n'kumupatsa moni m'Chifalansa, kenaka anamufunsa kuti ali Fomu chiyani. Mwana anangoti kakasi, maso pansi, chala chikukanda thebulo. Telala anabwereza pang'onopang'ono. Zii. Tili panjira ndinamufunsa chimene chinavuta.

"Amalume, mawu onse aja ndimawadziwa," anatero. "Akanandilembera papepala ndikanayankha. Koma akamayankhula zimathamanga, ndiye zanga zimakanira pakhosi."

"Nanga m'kalasi mumatani?"

"Timalemba."

Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyo Chitumbuka amachiyankhula bwinobwino, ndipo palibe anamuphunzitsa pa bolodi. Anachitola kwa anzake pa mjigo. Boma lathu lino ndi lodala pa nkhani imeneyi. Kumwera ndi Chichewa, ukamakwera cha kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba ndi Chitumbuka, ndipo m'maesiteti munadzaza mabanja ochokera ku Thyolo, Mulanje, Phalombe, Machinga ndi Mangochi amene anabwera ndi Chilhomwe ndi Chiyao. Mwana wa pa esiteti amafika asakudziwa liwu la anzake, koma pofika nthawi yokolola akukangana nawo pa mpira wachikulunga m'chiyankhulo chawo. Alibe kope, alibe dikishonale. Ali ndi khutu, pakamwa, ndi chifukwa choyankhulira tsiku lililonse. Ife tikamaphunzitsa chiyankhulo kusukulu timachotsa zitatu zonsezi, n'kumadabwa kuti ana athu ndi osalankhula.

Ndikudziwa kuti tchuthi cha mwana wa mlimi si chogona. Mabelo otsiriza akudindidwa, mapesi a fodya akufunika kuzulidwa, chigafa chikonzedwe, madzi atungidwe, ndipo nazale ili pafupi. Ana ena amagwiritsidwa ntchito zoposa msinkhu wawo, zimene zinachititsa kuti mu Novembala 2019 dziko la America liyambe kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Apa ndikungonena kuti ntchito imene ndikupemphayi siilanda mwana tsiku lonse. Imakwana pakati pa kutsuka mbale ndi kugona.

Nanga zipangizo? Wailesi ya RFI ya ku France ili ndi nkhani za mphindi khumi zoyankhulidwa mosathamanga, zokonzera ophunzira, zotchedwa Journal en français facile. Zimapezeka pa intaneti pamodzi ndi mawu ake olembedwa. Bandulo yadula, inde, koma sikuti mwana aliyense agule yake. Mmodzi akakopera pulogalamu zingapo, ena atha kugawana pa memori khadi, monga momwe nyimbo ndi mafilimu zimayendera kuchokera kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni pa tiredingi senta. Ngati filimu yomasuliridwa m'Chichewa imafika mpaka kumudzi kwenikweni sabata yomwe yatuluka, nkhani za mphindi khumi zingakanike? Wa Chingerezi ndiye alibe chowiringula: nkhani za pa MBC ndi Zodiak zilipo tsiku lililonse. Amvetsere, kenaka afotokozere mng'ono wake zimene wamva, m'Chingerezi chomwecho, cholakwikalakwika chomwecho. Ana awiri a kalasi imodzi azitumizirana mawu pa WhatsApp pa foni ya makolo, mphindi imodzi basi, kunena zimene achita lero. Opanda foni akumane pansi pa mtengo. Usiku alembe ziganizo zisanu m'kope lakale, za mbuzi imene yasowa, za mtengo wa feteleza, za maliro a kutsidya. Za m'buku azisiye kaye.

Manyazi ndi amene amatipha. Mwana akalakwitsa Chingerezi anzake amaseka mpaka kugwa pansi, ndipo akuluakulufe ndi amene tinawaphunzitsa kuseka kumeneko. Pomwe kwa Wimbe konkuno kunatuluka William Kamkwamba, amene atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2002 ankakhalira laibulale yaing'ono, kulimbana ndi buku la Chingerezi lotchedwa Using Energy, zithunzi zikumuthandiza pamene mawu amukanika, mpaka anapanga makina amphepo opangira magetsi. Mu 2007 anaimirira pa msonkhano wa TED ku Arusha ndi Chingerezi chodukaduka, dziko lonse likumvetsera. Mu 2014 anamaliza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America. Ndipo pamene Chiwetel Ejiofor ankapanga filimu ya moyo wa Kamkwamba imene inatuluka mu 2019, anaphunzira Chichewa kuti asewere ngati bambo ake. Ambiri tinaseka katchulidwe kake, ine ndemwe. Koma munthu wobadwira ku London anatsegula pakamwa n'kuyankhula chiyankhulo chathu pamaso pa eni ake. Ndi angati mwa ana athu a Fomu 4 amene angalimbe mtima chotero ndi Chifalansa chimene achiphunzira zaka zinayi?

Mu Julayi 2023, pamene Pulezidenti Samia Suluhu Hassan wa ku Tanzania anabwera kudzacheza, Pulezidenti Lazarus Chakwera analamula kuti Chiswahili chilowe m'masukulu. Ganizo ndi labwino, poti katundu wathu wambiri amadutsa pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam. Koma tikachiphunzitsa monga tikuphunzitsira Chifalansa, pa bolodi ndi m'kope, n'kumachitsekera m'kalasi tchuthi chilichonse, tidzangowonjezera chiyankhulo china chimene ana adzakhoze pa pepala n'kukakhala duu akafika pa Kasumulu.

Aphunzitsi a ziyankhulo, inu ndi amene mungayambe popanda kudikira kalata yochokera ku unduna. Teremu yachitatu isanathe, lembani tsamba limodzi: zomvetsera zingati, zowerenga zingati, ziganizo zingati pa tsiku, ndiponso kuti tsiku lotsegulira aliyense adzaimirira n'kuyankhula kwa mphindi ziwiri za tchuthi chake. Kufotokopa tsamba limodzi sikungagwetse thumba la sukulu. Kumene kulibe makina, ana akopere pa bolodi, poti kukopera ndiye amakudziwa. Chachikulu n'chakuti tsiku lotsegulira ntchitoyo muiitanitsedi. Ana akaona kuti simunafunse, chaka chamawa sadzaigwira.

Chaka chino masukulu atsekera kale, ndiye mpira uli kwa inu makolo. Ngati mwaganiza zolipira patitaimu, kaimeni pazenera kaye mumve ngati ana akuyankhula kapena akungolemba. Ndipo kunyumba, mukatha kudya, muuzeni mwana akufotokozereni za tsiku lake m'Chingerezi kapena m'Chifalansa. Musadandaule kuti inu simukumva. Ntchito yanu ndi kukhala pamenepo, kumvetsera, ndi kudzudzula aliyense amene aseke. Yambani lero madzulo.