Dengu la ku Mbulumbuzi ndi mapiri a Chiradzulu

Mu 2015 boma la Malawi linaletsa majumbo opyapyala osakwana mamaikoloni 60, maikoloni kukhala gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo linavomereza chiletsocho mu 2019. Wogula amene amanyamula dengu m'malo mwa jumbo popita kumsika wa Mbulumbuzi amachita bwino ndithu, komabe dengulo silikhudza makala amene anthu a ku Limbe amaphikira, omwe amatha mitengo m'mapiri. Matope amene anakwirira mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anaonetsa kuti chitukuko chokhazikika, kutanthauza chosawonongera mibadwo yam'tsogolo, chimafunanso magetsi otsika mtengo, mbaula zosadya nkhuni zambiri, ndiponso malo okhalamo mabanja amene kuchepa kwa minda kunawakankhira m'tsinde mwa mapiri.