Zipangizo za Ojambula Kanema ku Daveyton ndi Kusungidwa kwa Chicheŵa Cholankhulidwa

Daveyton ndi mzinda umene udakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1950 kuvuma kwa Benoni, ndipo lero uli pansi pa ulamuliro wa Ekurhuleni. Kumeneko ndidaitanidwa ku chinkhoswe cha mwana wa mbale wanga. Mnyamata amene adalembedwa ganyu yojambula mwambowo, Mmalaŵi mnzathu, adafika ndi kamera ya Canon, magalasi ake aŵiri osinthanitsa, nyali, kandege kojambulira m'mwamba ndiponso laputopu yokonzerapo kanemayo. Ndidaŵerenga zipangizo zonsezo mwachidwi, koma maikolofoni sindidaione, kupatula kaja kobadwa nako kamera, kamene kamatola mau onse a pabwalo mosasankha.

Kanema adatipeza patapita masabata atatu. Nsalu ya mtsikana inkaoneka ulusi uliwonse. Koma mau a nkhoswe ya kuchimuna, mkulu wina wa ku Dedza amene adafika ku Joni m'masiku a Theba osabwereranso kumudzi, adaŵafupikitsa kufika mphindi imodzi, ndipo pamwamba pake adaikapo nyimbo ya kwaya. Mkuluyo adaalankhula nthaŵi yaitali, Chicheŵa chakale cha miyambi, chosakanikirana apa ndi apo ndi Chizulu cha zaka makumi anai. Nditapempha kuti andipatse zonse monga adazijambulira, mnyamatayo adandiyankha mwaulemu kuti khadi ya kamerayo adaifufuta kale, pakuti Loŵeruka lotsatira adaali ndi ukwati wina.

Maganizo anga ndi aŵa: ojambula kanema otereŵa, a ku Daveyton ngakhalenso a ku Ndirande ndi ku Chipata, akutola Chicheŵa cholankhulidwa chochuluka kuposa chimene ife a m'sukulu za ukachenjede tidatolapo chiyambire. Komabe zipangizo zao zidagulidwa kuti zitumikire maso, ndipo kagwiritsidwe kake ntchito kakutaya gawo lenileni limene ife tikulisoŵa.

Tikumbukire kuti kale kujambula mau kudaali ntchito ya anthu oŵerengeka. Hugh Tracey adayenda m'dziko la Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 ndi makina olemera onyamulira pa galimoto, ndipo zimene adatola zidasungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene adaitsekula ku Roodepoort mu 1954, nisamukira ku Rhodes University mu 1978. Roodepoort ali m'dera lomwelo la migodi kumene Amalaŵi zikwizikwi ankagwira ntchito. Wenela idaleka kutenga anthu kwathu ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974, ulendowo udayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, nutha mu 1988. M'zaka zonsezo Chicheŵa chinkasintha m'makomboni a migodi. Lero amene adatsala a mbadwo umenewo ndi okalamba, ndipo malo amene amalankhulirapo momasuka pagulu ndi pa chinkhoswe, pa ukwati ndi pa maliro, kutsogolo kwa kamera ya mnyamata uja.

Nanga maikolofoni ili ndi kanthu kanji? Aŵerengi a magazini ino akudziŵa kuti m'chinenero chathu kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasiyanitsa matanthauzo. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika timalemba chimodzimodzi, koma khutu limasiyanitsa. "Ndimathandiza" atha kunena za chizoloŵezi cha masiku onse kapena za ntchito imene inkachitika posachedwa, malinga ndi phatikizo limene lakwezedwa. Palinso mpweya wotsagana ndi malembo ena, umene umalekanitsa kuponya ndi kuphonya. Malembo athu saonetsa kukwera kwa liwu, kotero umboni wake wonse uli m'mau ojambulidwa. Tsono mphamvu ya liwu imatsika ndi madesibelo 6 nthaŵi iliyonse pamene mtunda pakati pa pakamwa ndi maikolofoni waŵirikizidwa kaŵiri. Kamera yoima kumapeto kwa tenti imamva jenereta, mphepo ndi ana oseŵera mofanana ndi mkulu amene akulankhula. Pulogalamu ya Praat, imene Paul Boersma ndi David Weenink adakonza ku Amsterdam yoyezera kukwera kwa liwu, imasokera ikakumana ndi phokoso lotere. Ikakumana ndi kwaya yoikidwa pamwamba pa mau, imatsata oimba ndi kumusiya wolankhulayo.

Mankhwala ake sakwera mtengo. Kamaikolofoni kopanira pa kolala ya wolankhula, pamodzi ndi kachipangizo kojambulira mau pakokha, monga aja a Zoom, zonsezi mtengo wake sufika pa mtengo wa galasi limodzi labwino la kamera. Mau atajambulidwa mu mtundu wa WAV pa 48 kHz, muyeso umene akanema amagwiritsa kale ntchito, angatikwanire pa kafukufuku aliyense wa kamvekedwe ka mau.

Vuto lachiŵiri ndi lija la kusunga, ndipo ndiliyesa lalikulu koposa. Kanema wa 4K amadya malo ambiri, choncho khadi imafufutidwa sabata ndi sabata. Chotsala ndi kanema wokonzedwa, amene amatumizidwa kumudzi pa WhatsApp atapanikizidwa kuti achepe. Wojambula wosamala amasunga ntchito yake pa hadi disiki imodzi yokha, imene ingagwe pansi, kubedwa, kapena kuwonongeka magetsi akamazimazima monga zinkachitikira mu South Africa mu 2022 ndi 2023. Chodabwitsa nchakuti matepi a Tracey akumvekabe patapita zaka zoposa 60, pamene mau ojambulidwa mwezi watha atheratu.

Ndingotchulako mwachidule za makina olembera. Lembo la ŵ lili mu Unicode, mwa zina chifukwa chinenero cha ku Wales chimaligwiritsa ntchito, koma pa kiyibodi yogulidwa ku Benoni palibe batani lake, ndipo malembo ambiri okometsera mitu ya kanema alibe lembolo. Wojambula akalemba "Malaŵi" naona kabokosi kopanda kanthu pakati pa dzinalo, saabwerezanso. Manyuzipepa a kwathu adalisiya kale lemboli, ndipo apa makina akumaliza nkhani imene akatswiri sadagwirizanepo.

Wina anganene kuti mnyamata uja ndi wamalonda, sadalembedwe ntchito ndi ife. Nzoona, ndipo sindimuimba mlandu. Eni ukwati amalipira kuti adzione okha atavala bwino, ndipo akadandaula amadandaula za chithunzi chakuda, osati za mau a nkhoswe. Winanso anganene kuti zolankhulidwa pa maliro ndi pa chinkhoswe ndi za banja, ndipo ena mwa olankhulawo zikalata zao zokhalira m'dziko la eni sizili bwino, kotero safuna kuti nkhope ndi maina ao zisungidwe kwa alendo. Mfundo imeneyi ndi yolemera. Lamulo la South Africa loteteza mbiri ya munthu, lotchedwa POPIA, lidayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julaye 2021, koma ngakhale likadapanda kukhalapo, mwambo wathu sulola kutenga mau a pa siŵa popanda kupempha eni mbumba. Ubwino wake ndi wakuti ife tikufuna mau, ndipo mau angasungidwe popanda chithunzi.

Choncho udindo ndikuuika pa ife eni. Bungwe la Centre for Language Studies ku Zomba, limene lidaloŵa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, pamodzi ndi madipatimenti a zinenero ku Lusaka ndi ku Johannesburg, angathe kugwirizana ndi ojambula oŵerengeka: kuŵabwereka maikolofoni ndi mahadi disiki aŵiriaŵiri, kuŵalipira pa ola lililonse la mau osadulidwa, ndi kuŵapatsa kalata ya chilolezo yolembedwa m'Chicheŵa yoti ankhoswe a mbali zonse ziŵiri asaine. Wojambulayo adzapindulanso, pakuti kanema womveka bwino amakopa makasitomala. Pa mau aliwonse palembedwe tsiku, malo, kwao kwa wolankhula ndi chaka chimene adachoka kumudzi, chifukwa popanda zimenezi wofufuza sangadziŵe ngati akumva Chicheŵa cha ku Dedza, cha ku Mangochi kapena cha ku Daveyton komweko.

Ine ndidayambapo ndi mnyamata uja. Ndidamtumizira kamaikolofoni ka pa kolala ndi makhadi aŵiri, ndipo tidapangana kuti ulendo wina mkulu wa ku Dedza uja akadzaimirira kuti alankhule, adzayambe wampempha chilolezo ndi kumpana kamaikolofoniko asadayatse nyali.