Lamulo la penti wa mtovu lifike m'sitolo za kunyanja

Eid ikamayandikira, m'makomo ambiri a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Machinga mumamveka fungo la penti. Mabanja amakongoletsa zitseko ndi mazenera, makomiti a mizikiti nawo amasonkhetsa ndalama kuti makoma a madrasa awale. Ndi mwambo wabwino, pakuti Chisilamu chimalimbikitsa ukhondo. Koma pogula timafunsa mtengo ndi mtundu wokha, osafunsa zomwe zili m'chitinimo.

Penti wina wamafuta, makamaka wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, amathiridwa mtovu kuti awale komanso aume msanga. Akakalamba amasuka n'kusanduka fumbi. Mwana wokwawa amagwira pansi, n'kuika zala m'kamwa, ndipo poizoni amalowa m'thupi pang'onopang'ono popanda kholo kuona chizindikiro. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tinganene kuti ndi wosavulaza, ndipo thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Mtovu umaononga ubongo umene ukukula, ndipo choonongekacho sichibwerera. Kwa mayi woyembekezera, umadutsa mpaka kwa mwana wosabadwa.

Tilingalire za mwana amene akulephera kusunga pamtima sura zazifupi ku madrasa, ndipo kusukulu akubwereza kalasi. Timam'tcha waulesi, mwina kum'kwapula kumene. Si mwana aliyense wotero amene vuto lake ndi mtovu, koma lipoti la UNICEF ndi Pure Earth la mu 2020 lidati mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, pafupifupi ana 800 miliyoni, ali ndi mtovu wochuluka m'magazi.

Maiko ena adachitapo kanthu kalekale. Dziko la United States lidaletsa mtovu mu penti wa m'nyumba mu 1978. Masiku ano WHO ndi UNEP amalangiza maiko kuti lamulo lisalole mtovu wopitirira magawo 90 pa magawo 1 miliyoni alionse a penti. Kuno kwathu, kafukufuku wa bungwe la Lead Exposure Elimination Project, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2021, adapeza kuti kuposa theka la penti wamafuta yemwe adamuyeza adapyola mlingo umenewo. Malawi Bureau of Standards idalowererapo, ndipo kuyezanso kwa mu 2023 kudaonetsa kuti zinthu zasinthako. Tikuyamikira ntchitoyi.

Komabe lamulo lokhala m'kabati ku Blantyre siliteteza khanda la ku Makanjira. Tikupempha Malawi Bureau of Standards kuti izigula penti m'sitolo za m'maboma a kunyanja, kumuyeza, ndi kulengeza zotsatira pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chiyao. Chitini chilichonse chilembedwe momveka kuti mulibe mtovu, ndipo wolemba bodza alangidwe. Penti wolowa kudzera m'malire ayezedwe monga wopangidwa konkuno. Lamulo likhudzenso penti wa maboti ndi zitsulo, chifukwa kunyanja kuno wotsala pa boti ndi amene amathera pa chitseko cha nyumba. Unduna wa Zaumoyo nawo uikepo mtima kuti zipatala za m'maboma zikhale ndi njira yoyezera mtovu m'magazi a ana.

Ifenso Asilamu tili ndi gawo lathu. Maulama amaphunzitsa kuti Shariah imateteza zinthu zisanu: chipembedzo, moyo, nzeru, mbumba ndi chuma. Mtovu umakantha moyo, nzeru ndi mbumba nthawi imodzi. Ana ndi amana imene Allah adatisungitsa, ndipo tidzafunsidwa za iwo. Wamalonda amene akudziwa kuti penti wake ali ndi mtovu koma n'kubisa, akuchita chinyengo chimene chipembedzo chimaletsa. Tikupempha Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi kuti alangize makomiti onse kugula penti wopanda mtovu pa mizikiti, madrasa ndi sukulu za mkaka, ndipo masheikh ayankhulepo pa khutba ya Lachisanu.

Pakhomo, tisapale penti wakale ali wouma, popeza fumbi lake ndiye loopsa; tiyambe tanyowetsa khoma, ana ndi amayi oyembekezera ali kutali. Tizikolopa ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa, tiziwasambitsa ana m'manja asanadye, ndipo zitini za penti tisatungire madzi akumwa. M'kati mwa nyumba tisankhe penti wosungunula ndi madzi, yemwe kawirikawiri sakhala ndi mtovu. Mwana wopereweredwa zakudya amayamwa mtovu wambiri, choncho usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, nyemba ndi masamba zisasowe m'mbale yake.

Chaka chilichonse mu Okutobala dziko lapansi limakhala ndi sabata yokumbutsana za kuopsa kwa mtovu. Ife tisadikire sabata imeneyo. Komiti ya mzikiti ikadzakhala pansi kukonzekera Eid ikubwerayi, funso loyamba likhale la zomwe zili m'chitini, la mtengo libwere pambuyo.