Kamotoka ka Aqua: kodi n'koyenera ndalama za soya?

Caka ciliconse alimi akagulitsa soya, fodya ndi cimanga, ogulitsa mamotoka akale ocokera ku Japan nawonso amakolola. Dzina limene lili pakamwa pa ambiri muno mu Chipata ndi Toyota Aqua, kamotoka kafupi kotsegula citseko kumbuyo, kamene anthu amati kamangonunkhiza mafuta. Ngakhale m'makomiti a pa parishi dzinali limatuluka akamakambirana za motoka yofikira ku machalichi a kumidzi.

Cifukwa cake n'codziwika. Mu Disembala 2021 boma linaleka kuthandizira mtengo wa mafuta, ndipo petulo anakwera kucoka pa K17.62 kufika pa K21.16 pa lita. Mu 2022 bungwe la ERB linayamba kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi. Mafuta timagula kunja ndi madola, motero kwaca ikagwa, wa takisi wa ku Mwami amamva kuwawa mwezi womwewo, ndipo amakankhira ululuwo kwa ife okwera.

Aqua ndi mng'ono wake wa Prius, motoka imene kampani ya Toyota inayamba kugulitsa ku Japan mu 1997, motsogozedwa ndi injiniya Takeshi Uchiyamada. Aqua inatuluka mu Disembala 2011. Mkati mwake muli zokoka ziwiri: injini ya petulo ya malita 1.5 ndi mota ya magetsi yodyera ku batire lalikulu limene lili pansi pa mpando wakumbuyo. Mukaima, injini imazima yokha. Ponyamuka mota ndiyo imakoka, ndipo mukaponda mabuleki mphamvu imene ikanatayika imabwerera m'batire. Pa mayeso a ku Japan inayenda makilomita 35.4 pa lita imodzi. Amenewo ndi mayeso, abale, si mseu wa ku Lundazi. Koma ngakhale mutacotsapo ndithu, imaposa mamotoka ena a msinkhu wake.

Ubwino wina tinauona mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima pafupifupi tsiku lonse. Aqua safuna kuilumikiza ku magetsi a ZESCO, imadzichaja yokha poyenda. Mu bajeti ya caka comweco nduna ya zacuma, a Situmbeko Musokotwane, anatsitsa msonkho wa excise pa mamotoka a mtundu wa haibridi kucoka pa 30 kufika pa 25 peresenti.

Koma kamotoka aka anakapangira mizinda ya ku Japan, kumene miseu ndi ya tala ndipo motoka imaima kawirikawiri. Apa ndiye pagona nkhani. Kucoka pansi kufika ku mimba yake pali masentimita 14 cabe. Ikanimo anthu asanu ndi matumba anayi a feteleza, makilogalamu 200 amenewo, muloze ku midzi ya ku Chadiza, Vubwi kapena Kasenengwa m'mwezi wa Januwale, mudzamva miyala ikukanda pansi. Madzi a pa kamtsinje akalowa mpaka ku mpando wakumbuyo, afika pa batire.

Fumbi nalo ndi mdani. Batire limaziziritsidwa ndi kafani kamene kamakoka mphepo m'munsi mwa mpando womwewo. Kabowoko kakatsekeka ndi fumbi, mankhusu a cimanga kapena thumba la mbeu, batire limatentha ndi kufooka msanga. Tisaiwalenso kuti Aqua za 2012 ndi 2013 zapitirira zaka 10. Batire likatha, injini imalira nthawi zambiri, mafuta amayamba kutha ngati motoka wamba, ndipo kugula lina kungameze phindu la munda wonse. Wogulitsa sadzayamba yekha kukuuzani zimenezi.

Ife tiona kuti kwa woyendetsa takisi pakati pa msika wa Kapata ndi Mwami, kapena mphunzitsi woyenda pa tala ya ku Katete, Aqua ili ndi nzeru. Kwa mlimi wofuna conyamulira zokolola, kapena parishi imene machalichi ake ali kuseri kwa madambo, ndalamayo ingagwire bwino nchito pa motoka yaitali miyendo, ngakhale idye mafuta ambiri.

Amene mwatsimikiza mtima, musapereke ndalama makanika asanayeze batire ndi kompyuta, ndipo funsani mtengo wa batire lina musanagule. Nthambo za mtundu wa lalanje musazigwire: batire la Aqua lili ndi mavoti 144, silili ngati lija la mavoti 12 limene timaliziramo wailesi kumudzi.

Boma linatsitsa msonkho, koma wokonza mamotokawa ndani? Tipempha bungwe la TEVETA ndi sukulu ya Chipata Trades Training Institute kuti aike mphamvu pophunzitsa anyamata ndi atsikana athu za haibridi, kuti motoka ikafa ku Chipata tisamaikokere ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550.