Chenjezo: Madzi a Utoto Akayera Musawakhulupirire

Inu amene mumanyika nsalu mu utoto, makamaka magulu a tie and dye, ndi inu okhala kumunsi kwa malo otere: musamwe, musaphikire, musasambitsire mwana madzi a utoto amene asefedwa ndi mankhusu a mpunga, zitsononkho, utuchi kapena makoko a mtedza, ngakhale ayere bwanji.

Njira yosefayi si yabodza ayi. Zinthu zimenezi zikaumitsidwa n'kusinjidwa, utoto umakakamira m'timibowo take, ndipo zikasandutsidwa makala zimagwira koposa. Vuto n'lakuti ofufuza ambiri amayesera utoto wa methylene blue, womwe suvuta kumata. Utoto wa reactive wonyikira nsalu za thonje ndi wamakani, mankhusu wamba amangougwira pang'ono. Ndipo ngakhale mtundu utachoka, mchere ndi caustic soda zothira ponyika nsalu zimatsalira m'madzimo. Kuwiritsa kapena kuthira WaterGuard sikuchotsa zimenezi.

Chomwe ambiri amaiwala ndi mankhusu aja. Utoto sunathe, wangosamukira m'menemo. Mitundu ina ya utoto wa azo ikaphwanyika imatulutsa mankhwala monga benzidine, oyambitsa khansa ya chikhodzodzo, n'chifukwa chake European Union inailetsa mu 2002 pa zovala zokhudza khungu. Tsono mulu wa mankhusu ofiira ukatayidwa kudzala, m'mawa mwake nkhuku zili pomwepo kupalasa, ndipo mvula ikagwa, zotsala zimakokolokera kudambo kumene ena amatunga. Musawathire mu manyowa, musadyetse ziweto, musasonkhezere moto wa nsima. Nkhuni zakwera mtengo, tikudziwa, koma utsi umenewo wophika ndiye amayamba kuupuma.

Finyani mankhusuwo mutavala magolovesi, muwamange m'thumba la pulasitiki, mufunse mlangizi wa zaumoyo kapena akhonsolo kokawataya. Ngati mukwirira, dzenje likhale kutali ndi mtsinje, mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena mjigo. Madzi osefedwawo abwerere ku ntchito ya utoto yomweyo basi.

Madziwa akagwera m'maso, tsukani ndi madzi abwino kwa mphindi 15 kapena kupitirira, kenako pitani kuchipatala. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa soda amawotchanso kummero pobwerera. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula paketi ya utotowo. Mukaona ngalande ya fakitale ikulavulira madzi amitundu mumtsinje, kaneneni ku khonsolo kapena ku Malawi Environment Protection Authority tsiku lomwelo.