CHENJEZO: Musasainire ndalama ya sukulu musanaone komwe ikupita

Kwa makolo, mafumu, a komiti ya sukulu, a PTA ndi amayi a Mother Group m'boma lonse la Mulanje, kuchokera ku Muloza ndi Limbuli mpaka ku Chonde ndi Nkando.

Sukulu za pulayimale za boma zimalandira ndalama ya chitukuko yotchedwa SIG. Imalowa mu akaunti ya sukulu ku banki, ndipo iyenera kugwira ntchito zomwe inu eni dera munagwirizana pa pulani ya sukulu. Mwini wake ndi mwana wa Sitandade 1 uja akukhala pansi, osati ahedi kapena wapampando wa komiti.

Ndalamayi ndi yochepa kale. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi misomali zinakwera mtengo kwambiri. Ikabedwako pang'ono, ndiye kuti chimbudzi cha atsikana chikhala chopanda chitseko chaka chinanso, ndipo mtsikana wotha msinkhu amayamba kujomba chifukwa cha zimenezo.

Inu amene mumasainira ku banki, chenjerani ndi mawu akuti, "Tangosainani apa amfumu, zina tikalemba ku Boma." Cheke chosalembedwa dzina la wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama musachikhudze, ngakhale wabwera nacho ndi mlamu wanu. Tsiku lofufuza, siginecha yomwe idzaoneke ndi yanu. Kanani risiti yolemba pa pepala long'amba m'kope, yopanda chidindo cha sitolo. Katundu akafika, werengani nokha matumba a simenti, malata ndi makatoni a choko, mufanizire ndi zomwe zalembedwa. Ndikudziwa kuti kufunsa aphunzitsi aakulu kumaoneka ngati mwano, koma mhedi wokhulupirika amakondwa akafunsidwa, pakuti mabuku ake ndiwo amamuyeretsa.

Nthawi ndiyo yatichepera. Tonse tikukumbukira Namondwe Freddy mu Marichi 2023, pomwe makalasi anasanduka misasa ya anthu othawa madzi ndipo maphunziro anaima. Mvula ya kuno kuphiri sichedwa kugwetsa khoma lomangidwa ndi simenti yonyenga. Denga lodontha ndi dzenje la chimbudzi logumuka zikonzedwe mvula isanayambe, ndalama isathere ma alawansi a misonkhano.

Chinanso: maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994. Ngati makolo mwasonkha ndalama ya chitukuko, funani risiti, ndipo mwana asabwezedwe kunyumba chifukwa kholo lake lalephera kusonkha.

Itanitsani msonkhano wa makolo teremu ino. Ndalama yomwe inalowa, tsiku lake ndi zomwe inagula zimatidwe pa bolodi poonekera aliyense. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho musaope kufunsa. Akakukanizani, pitani kwa alangizi a maphunziro (a PEA) ku TDC ya zoni yanu. Zikakanika kumeneko, kadandauleni ku ofesi ya maphunziro ku Mulanje Boma kapena ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, mutatenga masiku ndi mapepala onse.