ZA KUMUNDA KWATHU: Mlendo Uyu Si Mame

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Komatu alipo alendo ena amene akafika sacokanso.

Ku Australia azungu anayamba kubweretsa ngamira m'caka ca 1840 kuti zizisenza katundu m'cipululu. Magalimoto atacuruka anazitayira kuthengo, ndipo zinaswana kwambiri popeza kunalibe cilombo cozigwira. Cilala citakula, ngamirazo zinathamangira kumidzi kukafuna madzi, nkumagwetsa mipanda ndi kuipitsa zitsime, kotero kuti m'Januwale 2020 zoposa 5,000 zinaomberedwa.

Ife a ku Mkaika, Sinda ndi Vubwi tiribe ngamira, koma mlendo wotere tiri naye m'munda: nchemberezandonda zocokera ku America, zimene zinalowa m'Zambia kumapeto kwa 2016. Gulugufe mmodzi angaikire mazira oposa 1,000. Mvula yamphamvu imakokolola timbozi tating'ono, koma kukacita ng'amba, monga m'cilala ca 2024, timakula mosatekeseka m'kati mwa nsonga ya cimanga cofooka kale.

Kumuthamangitsiratu mlendoyu sitingathe, koma kumucepetsa mphamvu tingathe. Tibzale ndi mvula yoyamba. Tiyendere munda kawiri pa mlungu, titswanye mazira pamasamba, tithire mcenga kapena phulusa m'nsonga, ndipo zikacuruka tidziwitse alangizi. Tibzalenso khobwe, mapira ndi cinangwa, kuti cimanga cikakanika ana asagone ndi njala.

Anthu a ku Australia anazindikira ngamira zitadzaza kale dziko. Ife tisadikire: mmera mpoyamba.